Momwe Mungaunikire Nambala Yaikulu ndi Kudziwa Gulu Lake

Mafunso ambiri amene anthu amafunsa pa nambala yaikulu, monga akuti ndi nambala zingati zimene zimalowamo popanda chotsala, ngati ili sikweya (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, monga 9 = 3 × 3), kapena ngati ili prime, amayankhidwa ndi ntchito imodzi yokha, yomwe ndi kuiphwanya nambalayo mpaka itafika pa nambala za prime zimene zinaipanga. Nambala ya prime ndi imene imaposa 1 ndipo imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa nambala za prime, ndipo njira yoipangira ndi imodzi yokha, mfundo imene Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira mokwanira m'chaka cha 1801. Chifukwa cha ichi, ndikulangiza kuti musayambe ndi kufunsa za magulu. Yambani ndi kuphwanya, magulu adzabwera okha pambuyo. Tigwiritsa ntchito nambala ziwiri zosiyana khalidwe: 720,720 imene imaphwanyika mosavuta, ndi 1,022,117 imene ndi youma mutu.

Choyamba, ilembeni nambalayo bwino, mukupatula madijiti atatuatatu kuchokera kumanja, ndipo muwerenge madijiti ake. Kuwerengaku kumakuuzani kukula kwa ntchito imene ikukudikirani, pakuti square root (nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka nambala yanuyo) ya nambala ya madijiti 6 siposa 1,000, ndipo monga tione m'munsimu, square root ndiye malire a kufufuza konse.

Chachiwiri, yang'anani kumapeto kwa nambalayo. Ngati dijiti yomaliza ili 0, 2, 4, 6 kapena 8, ndiye kuti 2 amalowamo. Ngati ili 0 kapena 5, ndiye kuti 5 amalowamo. Pofuna kudziwa kuti 2 amalowa kangati, pitirizani motere: 4 amayesedwa pa madijiti awiri omaliza, 8 pa atatu omaliza, 16 pa anayi omaliza, 32 pa asanu omaliza. Pa 720,720 madijiti awiri omaliza ndi 20, ndipo 4 amalowamo. Atatu omaliza ndi 720, womwe ndi 8 × 90. Anayi omaliza ndi 0720, womwe ndi 16 × 45. Koma asanu omaliza, 20,720, akagawidwa ndi 32 amasiya 16. Motero 2 walowa kanayi, osapitirira apo.

Chachitatu, phatikizani madijiti onse. Pa 720,720 timapeza 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0 = 18, ndipo popeza 9 amalowa mu 18, amalowanso mu nambala yonse, chimodzimodzinso 3. Njirayi imagwira ntchito chifukwa 10, 100, 1,000 ndi zina zotero zonse zimasiya 1 zikagawidwa ndi 9, kotero dijiti iliyonse imangothandiza ndi kukula kwake kokha posatengera malo amene yakhala. Apa pali msampha umene ophunzira ambiri amagweramo: amaganiza kuti njira yomweyi ingagwirenso pa 27. Siigwira. Madijiti a 1,899 akaphatikizidwa amapereka 27, koma 1,899 akagawidwa ndi 27 amasiya 9. Kuti mudziwe ngati 3 alowanso kachitatu, gawani kaye ndi 9 kenako muyese yankho lake. Pa nambala yathu yankho ndi 80,080, madijiti ake amapereka 16, choncho 3 wathera pomwepo.

Chachinayi ndi njira imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imayesa nambala zitatu za prime nthawi imodzi. Mukachulukitsa 7 × 11 × 13 mumapeza 1,001, nambala imene imaposa 1,000 ndi 1 yekha. Tengani magulu a madijiti atatuatatu aja, kuyambira kumanja, muzichotsa ndi kuphatikiza mosinthanitsa. Pa 720,720 muchita 720 − 720 = 0, ndipo popeza nambala iliyonse imalowa mu 0, ndiye kuti 7, 11 ndi 13 onse amalowamo. Ndipotu nambala iliyonse ya madijiti 6 imene madijiti ake atatu oyamba abwerezedwa, monga 358,358, ndi gulu limenelo kuchulukitsa ndi 1,001. Pa 1,022,117 muchita 117 − 22 + 1 = 96, ndipo popeza 7, 11 ndi 13 salowa mu 96, simufunikanso kutaya nthawi kugawa nambala yonseyo ndi atatuwa.

Tsopano gawani motsatizana, mukulemba yankho lililonse pamzere wake. 720,720 ÷ 16 = 45,045. Kenako 45,045 ÷ 9 = 5,005. Kenako 5,005 ÷ 5 = 1,001. Kenako 1,001 ÷ 7 = 143, ndipo 143 ÷ 11 = 13. Motero 720,720 = 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13, pomwe 2⁴ akutanthauza 2 × 2 × 2 × 2. Mzere uwu ndiwo maziko a zonse zotsatira, choncho muuchulukitsenso kubwerera m'mbuyo kuti mutsimikize musanapitirire.

Nambala zambiri sizigonja msanga chonchi. Pa 1,022,117, mayeso onse a pamwambawa amalephera: dijiti yomaliza ndi 7, madijiti ake amapereka 14, ndipo 7, 11 ndi 13 akanidwa kale. Chotsala ndi kuyesa nambala za prime imodziimodzi, 17, 19, 23, 29 ndi kupitirira, koma muyenera kudziwa polekezera. Polekezera pake ndi square root ya nambalayo. Chifukwa chake n'chakuti nambala zolowamo zimayenda ziwiriziwiri: ngati a × b apereka nambala yanu, sizingatheke kuti a ndi b onse apose square root, pakuti akatero yankho lawo likhoza kuposa nambalayo. Mukayesa nambala zonse za prime mpaka pa square root osapeza yolowamo, mwatsimikizira kuti nambala yanuyo ndi prime. Mndandanda wa nambala za prime zoyesera mutha kuupanga nokha ndi njira ya Eratosthenes, katswiri amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe: lembani nambala zonse kuyambira 2, fufutani zonse zimene 2 amalowamo kupatula 2 mwini, chitani chimodzimodzi ndi 3, ndi 5, ndi iliyonse yotsala motsatizana, ndipo zosafufutidwa ndizo za prime. Pansi pa 1,000 zilipo 168.

Vuto la 1,022,117 n'lakuti square root yake ili pafupi kwambiri ndi 1,011, ndipo nambala 168 zonsezo zikana, yoyamba kulowa n'kukhala ya 169, yomwe ndi 1,009. Munthu wogawa ndi pensulo akhoza kutopa panjira n'kulengeza kuti nambalayi ndi prime, pamene si prime. Pano m'pamene pamafunika njira ya Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse ku France amene ankachita masamu pa nthawi yake yopuma. Pezani sikweya yoyamba yoposa nambala yanu, muchotsepo nambalayo, ndipo muone ngati chotsalacho chili sikweya. Apa 1,011 × 1,011 = 1,022,121, ndipo mukachotsa 1,022,117 patsala 4, yemwe ndi 2 × 2. Popeza kusiyana kwa masikweya awiri, a² − b², n'chimodzimodzi ndi (a − b) × (a + b), nambala yathu ndi (1,011 − 2) × (1,011 + 2), ndiko kuti 1,009 × 1,013, ndipo zonse ziwiri ndi za prime. Chotsala chikakhala kuti si sikweya, pitani pa 1,012, kenako 1,013, mpaka chitapezeka. Njira ya Fermat imathamanga pamene nambala ziwiri zopanga nambalayo zayandikana, ndipo imachedwa kwambiri pamene zatalikirana, pomwe kuyesa imodziimodzi kumachita mosemphana ndi zimenezi. Ndiye chanzeru n'kuyesa nambala zing'onozing'ono za prime kaye, mwina mpaka 100, kenako kuyesa njira ya Fermat kangapo, musanabwerere ku ntchito yotopetsa ija.

Yankho lililonse la kuchulukitsa litsimikizeni ndi chotsala cha 9. Madijiti a 1,009 amapereka 10, kenako 1; a 1,013 amapereka 5; ndipo 1 × 5 = 5. Madijiti a 1,022,117 amapereka 14, kenako 5. Ziwirizi zikasiyana, pali cholakwika ndithu. Zikafanana, mwina zili bwino, koma kumbukirani kuti yesoli silingagwire cholakwika cha kusinthanitsa malo a madijiti.

Mukatha kuphwanya, werengani kuchuluka kwa nambala zolowamo popanda kuzilemba zonse. Pa prime iliyonse, onani kuti yabwerezedwa kangati, muwonjezerepo 1, ndipo muchulukitse mayankho onse. Pa 720,720, 2 wabwerezedwa kanayi, 3 kawiri, ndipo 5, 7, 11 ndi 13 kamodzikamodzi, kotero timachita 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Timawonjezera 1 chifukwa popanga nambala yolowamo mutha kutenga 2 kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kapena osamutenga n'komwe, zomwe ndi njira zisanu. Nambala ya 1,022,117, ngakhale ili yokulirapo, ili ndi zolowamo zinayi zokha: 1, 1,009, 1,013 ndi iyo yomwe. Nambala yopangidwa ndi ma prime awiri okha chonchi imatchedwa semiprime.

Chiwerengero cha 240 chimaika 720,720 m'gulu lapadera limene Srinivasa Ramanujan wa ku India analiunika mozama m'chaka cha 1915, la nambala zimene zili ndi zolowamo zambiri kuposa nambala ina iliyonse yocheperapo. Gululi limayamba ndi 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60 ndi 120. Imene imabwera tisanafike pa 720,720 m'gululi ndi 665,280 yokhala ndi zolowamo 224, ndipo yotsatira ndi 1,081,080 yokhala ndi 256, zomwe zikutanthauza kuti palibe nambala yochepera 1,000,000 imene ili ndi zolowamo zoposa 240. Chizindikiro choyamba cha nambala za m'gululi muchione pa mzere wa kuphwanya uja: ma prime ake amayambira pa 2 n'kutsatizana osadumpha ngakhale imodzi, ndipo kubwerezedwa kwawo kumanka kuchepa kapena kufanana, monga 4, 2, 1, 1, 1, 1. Chizindikirochi chikasowa, nambalayo siili m'gululi; chikapezeka, muyenerabe kuiyerekeza ndi zinzake, chifukwa pachokha sichikwanira. Nambala ya 720,720 ndiyonso yochepetsetsa imene nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16 zimalowamo. Gulu la banki m'khonde likanakhala ndi K720,720, likanagawana ndalamazo mofanana popanda kwacha yotsala kaya mamembala ali 7, 11, 13 kapena 16, koma akafika 17 patsala K5.

Gawo lotsatira ndi kuphatikiza nambala zonse zolowamo, ndipo apanso simufunika kuzilemba zonse 240. Pa prime iliyonse phatikizani 1 ndi masitepe ake onse: pa 2 ndi 1 + 2 + 4 + 8 + 16 = 31, pa 3 ndi 1 + 3 + 9 = 13, pa 5 ndi 6, pa 7 ndi 8, pa 11 ndi 12, ndipo pa 13 ndi 14. Chulukitsani mayankhowa: 31 × 13 = 403, 403 × 6 = 2,418, 2,418 × 8 = 19,344, 19,344 × 12 = 232,128, ndipo 232,128 × 14 = 3,249,792. Chotsanipo nambala yeniyeniyo, patsale 2,529,072. Chotsala ichi ndicho chimasankha pakati pa magulu atatu amene Nicomachus wa ku Gerasa anawafotokoza cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Chikaposa nambalayo, monga zachitikira pano, nambalayo ndi abundant. Chikachepa, ndi deficient. Chikafanana nayo ndendende, ndi perfect. Pa 1,022,117 timapeza 1 + 1,009 + 1,013 = 2,023 basi, kotero ndi deficient kotheratu.

Pali njira yachidule yodziwira nambala zambiri za abundant. Ngati 6 amalowa mu nambala yoposa 6, nambalayo ndi abundant ndithu, chifukwa theka lake, gawo lake lachitatu ndi gawo lake lachisanu ndi chimodzi zikaphatikizidwa zimakwana kale nambala yonse, ndipo 1 akawonjezerapo zimapitirira. Nambala za abundant zimene 2 salowamo ndi zosowa, ndipo yoyamba ndi 945. Nambala za perfect ndi zosowa koposa: 6, 28, 496, 8,128, kenako 33,550,336. Euclid anasonyeza kuti ngati 2ᵖ − 1 ali prime, ndiye kuti 2ᵖ⁻¹ × (2ᵖ − 1) ndi perfect, ndipo patapita zaka pafupifupi 2,000 Leonhard Euler anatsimikizira kuti nambala iliyonse ya perfect imene 2 amalowamo imaoneka motero. Choncho nambala yanu ikakhala yogawika ndi 2, kungoyang'ana mzere wa kuphwanya kumakwanira: iyenera kukhala ndi 2 wobwerezedwa ndi prime imodzi yokha pambali pake mogwirizana ndi kapangidwe ka Euclid kaja, monga 33,550,336 = 2¹² × 8,191. Nambala ya perfect imene 2 salowamo sinapezekepo mpaka lero, ndipo palibenso amene watsimikizira kuti kulibe.

Magulu a maonekedwe amayesedwa mwachangu. Nambala ndi sikweya pokhapokha prime iliyonse itabwerezedwa kawiri, kanayi, kasanu ndi kamodzi ndi kotero; 720,720 ili ndi 5 mmodzi yekha, choncho si sikweya, ndipo ili pakati pa 848² = 719,104 ndi 849² = 720,801. Ngakhale musanaphwanye, sikweya siithera ndi 2, 3, 7 kapena 8, ndipo ikathera ndi 0 imathera ndi 00. Pa cube (nambala monga 8 = 2 × 2 × 2), kubwerezedwa konse kuyenera kugawika ndi 3. Nambala ya triangular, yopezeka pophatikiza 1 + 2 + 3 ndi kupitirira, imadziwika poichulukitsa ndi 8 n'kuwonjezera 1: yankho likakhala sikweya, ili m'gululo. Pano timapeza 5,765,761, yomwe ili pakati pa 2,401² = 5,764,801 ndi 2,402² = 5,769,604, choncho 720,720 si triangular. Ili m'gulu la Harshad, limene D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India, analitcha dzina, chifukwa 18, chiphatikizo cha madijiti ake, amalowamo ka 40,040. Dziwani kuti gulu la Harshad, monganso la nambala zowerengeka chimodzimodzi kuchokera kumanja ndi kumanzere, limadalira kalembedwe kathu ka makumi, osati khalidwe la nambalayo, ndipo ine sindimawapatsa ulemu wofanana ndi magulu ochokera ku ma prime.

Funso lozama pang'ono n'lakuti nambala yanu ingalembedwe ngati masikweya angati ophatikizana. Joseph-Louis Lagrange anatsimikizira m'chaka cha 1770 kuti masikweya anayi amakwanira pa nambala iliyonse. Kuti awiri akwanire, yang'anani ma prime amene amasiya 3 akagawidwa ndi 4, monga 3, 7, 11, 19 ndi 23: aliyense wa iwo ayenera kubwerezedwa kawiri, kanayi kapena kotero. Pa 720,720, 3 wabwerezedwa kawiri, zomwe zili bwino, koma 7 ndi 11 ali kamodzikamodzi, choncho masikweya awiri sangakwanire. Kuti atatu akwanire, gawani ndi 4 mobwerezabwereza mpaka atakana, kenako mugawe yankho ndi 8. Chotsala chikakhala 7, atatu sakwanira. Apa timafika pa 45,045, amene amasiya 5, kotero masikweya atatu akwanira.

Kuti muilembe monga momwe kompyuta imaisungira, gawani ndi 2 mobwerezabwereza mukulemba chotsala chilichonse, kenako muwerenge zotsalazo kuchokera pansi kukwera m'mwamba. 720,720 imakhala 10101111111101010000, ndipo ma 0 anayi akumapetowo akutsimikizira kuti 2 analowadi kanayi.

Nambala ikafika pa madijiti 15, 20 kapena kuposa, njira za pensulo zimalephera, ndipo funso lakuti kodi ndi prime limasiyana ndi funso lakuti kodi ma prime ake ndi ati. Loyamba limayankhika msanga. Fermat ananena m'chaka cha 1640 kuti ngati p ali prime woposa 2, ndiye kuti 2ᵖ⁻¹ amasiya 1 akagawidwa ndi p. Yesani pa 7: 2⁶ = 64, ndipo 64 amasiya 1 akagawidwa ndi 7. Yesani pa 15: 2¹⁴ = 16,384, amene amasiya 4, choncho 15 si prime, ndipo tadziwa izi popanda kupeza 3 kapena 5. Koma samalani kwambiri ndi mbali inayo, chifukwa chotsala cha 1 si umboni wokwanira. Nambala ya 341 imapambana yesoli pamene ili 11 × 31, ndipo 561, yomwe ndi 3 × 11 × 17, imapambana ngakhale mutachotsa 2 n'kuikapo nambala ina iliyonse imene 3, 11 ndi 17 salowamo. N'chifukwa chake mapulogalamu a pa kompyuta amagwiritsa ntchito yeso lokhwima la Miller ndi Rabin, limene nambala zonyengazi sizingalizembe likabwerezedwa kambiri.

Musakhulupirire maonekedwe a nambala kapena dzina la amene ananena. Fermat yemweyo ankakhulupirira kuti 2³² + 1, yomwe ndi 4,294,967,297, ndi prime, mpaka Euler anasonyeza m'chaka cha 1732 kuti ndi 641 × 6,700,417. Marin Mersenne anaika 2⁶⁷ − 1 pa mndandanda wake wa ma prime m'chaka cha 1644, koma m'chaka cha 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa pa msonkhano wa American Mathematical Society ku New York kuti ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Kuvuta kwa kuphwanya nambala zotere ndiko maziko a njira ya RSA yobisira uthenga pa intaneti, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anaipanga m'chaka cha 1977: kuchulukitsa ma prime awiri a madijiti mazanamazana n'kosavuta, koma kuwapeza kuchokera ku yankho lawo kumaposa mphamvu ya makompyuta a masiku ano. Nambala za maonekedwe a 2ᵖ − 1 zili ndi yeso lawolawo la Lucas ndi Lehmer, ndipo n'limene linatsimikizira 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, prime ya madijiti 41,024,320 imene Luke Durant anaipeza mu Okutobala 2024 kudzera m'ntchito ya GIMPS, gulu la anthu odzipereka ofufuza ma prime otere ndi makompyuta awo.

Pa nambala zazikulu chonchi sankhani chida mosamala. Excel amasunga madijiti 15 okha ndipo otsatirawo amawasandutsa 0 osakuchenjezani, pomwe makalikuleta ambiri a m'manja amaonetsa madijiti 10 kapena 12, kotero chotsala chimene angakupatseni pa nambala yotalika kuposa apo n'chosadalirika. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, amasunga nambala yathunthu ya kutalika kulikonse popanda kuidula: n % d amakupatsani chotsala cha n pogawidwa ndi d, ndipo pow(2, n-1, n) amachita yeso la Fermat m'kanthawi kochepa ngakhale pa nambala ya madijiti mazana. Mukafuna kudziwa ngati nambala yanu ili m'magulu ena amene sitinawatchule, ilembeni popanda zizindikiro zopatula madijiti pa OEIS, nkhokwe ya mindandanda ya nambala imene Neil Sloane anayamba kusonkhanitsa m'chaka cha 1964, ndipo gulu lililonse limene latuluka mulitsimikize nokha ndi mzere wanu wa kuphwanya.